Nkhani ya "nkhope yaitali" ndi Chizungu cha munthu amene sanakondwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mawu anga pa tsamba lanu la makalata. Ine ndine mayi, ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kuno kwa Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo kalatayi ndikulemba pafoni nditakhala pamkeka panja chifukwa m'nyumba simukuloweka, malata akulavulabe moto olo dzuwa linalowa kalekale, nde mukapeza zilembo zina zadumphana mungokonza, paja akonzi ndinu.

Ndikudziwa ena anena kuti mayiwa asowa zolemba, anthu akulira mtengo wa chimanga iwo akubwera ndi nkhani ya nkhope. Koma nkhani imeneyi ine inandichititsa manyazi pagulu, ndipo chaka ndi chaka ikundidyera ana malikisi, nde mundimvere kaye.

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatikhuthulira madzi aja, anthu ambiri kuno kuchigwa anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, makalasi n'kusanduka zipinda zogona, banja lililonse ndi kamtolo kake pakona. Pa kampu ina yomwe ndinkapitako kukathandiza kulemba maina kunabwera alendo a bungwe lina atanyamula ndowa, mabulangete ndi ufa wa phala, ndipo pakati pawo panali mzimayi wachizungu. Womasulira anali mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa ndekha mpaka Fomu 4, wochangamuka bwino, pakamwa posachita chibwibwi, moti ine kumuona ataima pambali pa mlendo mtima unali mbee kuti eee mbewu yanga imeneyo. Nde pamzere paja panali kamnyamata ka zaka mwina khumi, kataima pafupi ndi mayi ake, ndowa zinali zitatha iwo asanafikiridwe, kamwanako kali ndwii maso pansi. Mzungu uja anawerama, kukagwira paphewa, n'kunena kuti "why the long face?" Mnyamata wanga uja osachedwa ayi, mokweza kuti aliyense amve: "Akufunsa kuti bwanji nkhope yako ili yaitali chonchi?"

A Mkonzi, kunavuta. Mayi a mwana uja anamanga chitenje m'chiuno, akuti madzi atitengera nyumba, mbuzi, mapira, chilichonse, lero mwabwera kudzatinenera mwana kuti ali ndi nkhope ya bulu? Amayi ena n'kulowererapo, awa m'Chisena awa m'Chichewa, mzungu uja wangoti kakasi osadziwa chomwe walakwa, mnyamata wanga nayenso akulimbikira kuti ine ndangonena zomwe anena iwowa. Ndinachita kusiya kope la maina pabenchi n'kuthamangira pakati kukafotokoza kuti ayi amayi, mlendoyu sakuyeza kutalika kwa nkhope ya mwana wanu, akufunsa kuti mwanayu wakhumudwa ndi chani, nkhope yagweranji. Zinazizira, koma mochedwa, ndipo mayi aja mpaka galimoto ya alendo kunyamuka ankangoiyang'ana cham'mbali. Pambali ndinene kuti olo funsolo likanamasuliridwa bwino linali lopepera ndithu, mwana wagona pasimenti sabata yathunthu, ndowa yamuphonya, iwe ukumufunsa kuti chakukhumudwitsa n'chani? Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mnyamata uja sindinamudzudzule. Iye ankadziwa kuti long ndi kutalika, face ndi nkhope, anaphatikiza ngati samu n'kupeza ansala. Amene anamuphunzitsa kuti mawu a Chizungu amaphatikizidwa ngati samu ndi ndani? Ndi ine ndemwe, ndi mindandanda yanga ija ya pabolodi, mawu mbali iyi tanthauzo mbali iyo, lowezani mawa tesiti.

Kuno kwa Ngabu ng'ombe ndi zambiri ndipo mwana aliyense amadziwa kuti pangolo sumangogwira ng'ombe iliyonse m'khola n'kuiika pagoli ndi inzake. Pali ziwiri zomwe zinazolowerana, iyi ya kumanja iyi ya kumanzere, ukasintha imodzi olo ikhale yamphamvu bwanji ngolo ikathera m'munda mwa eni. Chizungu chilinso chomwecho, mawu ake ali ndi anzawo a pagoli. Ndipo malo amodzi omwe ndaona kuti ngolo za ana athu zikugubuduka kwambiri ndi pofotokoza nkhope ya munthu amene sanakondwe, chifukwa nthano iliyonse yomwe mwana angalembe pa kompozishoni mumakhala wina wokwiya, mayi opeza, ahedi, amalume olanda chuma cha masiye, nde mwana amangolemba "he was angry", ndime yotsatira "he was very angry", kumapeto "he was very very angry", ukamachonga mapepala 80 ofanana choncho nawenso umakhala very very angry.

Tiyambe ndi liwu lomwe ambiri amalidziwa, frown. Uku ndi kukwinya pamphumi, nsidze kuyandikana, ndipo munthu atha kutero osakwiya n'komwe, mwina akungoganiza kapena sakumvetsa, ngati agogo akamawerenga meseji ya Mpamba pafoni dzuwa likuwathobwa m'maso. Mnzake wa pagoli ndi at, umati "she frowned at me". Ukangosintha kamawu kakang'onoko n'kunena kuti frown on kapena frown upon wachoka pankhope, tsopano ukunena za khalidwe lomwe anthu sagwirizana nalo, monga kunena kuti kumudzi kwathu mtsikana kukhala pampando apongozi ali pansi "is frowned upon", apo palibe yemwe wakwinya mphumi yeniyeni, ndi mtundu wonse womwe ukukana. Komanso pali kachinthu kena koseketsa, azungu okhaokha sagwirizana kuti frown imakhala pati. A ku Britain amaiika pamphumi, pomwe ambiri a ku America akamva liwuli amaona pakamwa popindikira pansi, ngati ka emoji kachisoni ka pa WhatsApp kaja. Nde ngati eni ake akusiyana choncho, mwana wa kwa Tengani tisamamukalipire msanga.

Scowl ndi mkulu wake wa frown. Apa palibenso zoganiza, munthuyo waipidwa basi ndipo akufuna udziwe, nkhope yonse yada, ndi ija amakupatsa kondakitala wa minibasi ya ku Nchalo ukamupatsa K5,000 m'mamawa asanapeze chenje. Glare ndi ya maso, kukuyang'anitsitsa osaphethira ndi diso lofiira, ija ya mayi m'tchalitchi mwana akamasewera ndi ndalama ya chopereka, sayankhula kanthu koma mwana amabweza yekha dzanja. Onsewa amayenda ndi at. Ana anga amakonda kulemba "he glared me" chifukwa kwathu timangoti anandiyang'anitsitsa popanda kamawu kapakati, nde kamawu kameneko ndimachita kukalemba ndi choko chachikulu.

Grimace ndi ina, ndi nkhope ya ululu kapena kunyansidwa, mano panja masaya atakokeka, munthu akaponda minga kapena akamwa mankhwala owawa. Pout ndi kutulutsa mlomo, kwa mwana yemwe wamanidwa kanyenya pamsika, ngakhale masiku ano atsikana akutulutsanso mlomo womwewo dala pojambulitsa za pa Facebook ndipo Chizungu chake ndi chomwecho. Sulk ndiye kulunda kwathu kuja, sikukhala pankhope pokha, ndi thupi lonse ndi tsiku lonse, munthu osayankha, nsima osadya, kukakhala yekha kuseri kwa nkhokwe. Sneer ndi yonyoza, mlomo wam'mwamba utakwera mbali imodzi, ija amakupatsa wa m'tauni ukatchula kuti kwanu ndi ku Nsanje.

Koma mawu amodziamodziwa si vuto kwenikweni, dikishonale imathandiza. Pomwe pagona nkhani ndi pa awiriawiri paja.

Mwana akaonetsa kunyansidwa ndi chakudya kapena akakwinyira mnzake nkhope mwachipongwe, Mngerezi amati "pull a face" kapena "make a face", yoyambayo imamveka kwambiri ku Britain, yachiwiriyo kulikonse. Chifukwa chani pull, kukoka? Palibe chifukwa, ndi goli lake basi. Sunganene kuti "do a face" pamayeso, sunganene kuti "push a face" olo mlomo ukukankhidwira kutsogolo osati kukokedwa. Tikafika pa look, mneni amasinthanso, amati give. "She gave me a dirty look." Apa nde ndili ndi nkhani. Mtsikana wina wa Fomu 3 anamva mawuwa mufilimu n'kuwakonda, nde polemba za tsiku lomwe anachedwa kusukulu analemba kuti "when I entered, the headteacher had a dirty face". Ine kuwerenga ndinaseka mpaka misozi mustafu rumu, anzanga kufunsa ndinakanika kuwaonetsa poopa kuti zingafike kwa eni ake. Mwanayo amafuna kunena kuti ahedi anamuyang'ana moipidwa, koma zomwe analemba ndi zoti ahedi anabwera kuntchito osasukusula. Liwu limodzi lokha, look kusintha kukhala face, bambo aulemu wawo asanduka auve.

Ziwalo za pankhope nazonso chilichonse chili ndi mneni wakewake ndipo sabwerekana. Mphuno amati wrinkle, "she wrinkled her nose", ija umachita ukadutsa pomwe pali mlamba woti wayamba kuwola. Koma "turn up your nose at" ndi kunyoza chinthu chomwe wapatsidwa, ngati mlendo wochokera ku Blantyre yemwe akukana nsima ya mapira ati yofiira. Milomo amati purse, kuifinya n'kuisonkhanitsa ngati kukamwa kwa kathumba komanga ndi chingwe, ija ya alangizi akamva mtsikana akuyankha mwamwano. Mlomo umodzi wam'mwamba amati curl. Mphumi amati furrow, lomwe ndi liwu lomwelo la ngalande ya pakati pa mizere m'munda, nde limeneli ana anga a alimi saliiwala, ndimangowauza kuti mphumi yalimidwa mizere. Nsidze amati knit, ngati kuluka juzi, "he knitted his brows", kapena raise ngati nsidze yakwera posonyeza kukayika. Maso amati roll, kutembenuza maso kuyang'ana kumwamba posonyeza kuti zanuzo zandikwana, kapena narrow, kuwachepetsa mokayikira munthu. Mwana akasakaniza n'kulemba kuti "she rolled her nose" kapena "he pursed his eyes" galamala yake ilibe vuto lililonse, mneni alipo, nthawi yake ndi yolondola, koma wochonga aliyense aima n'kudula mzere wofiira.

Ndiye pali zofanizira. "A face like thunder" imeneyi sitivutika nayo, aliyense kuno anaonapo mitambo ikada bii pamwamba pa mapiri a ku Thyolo uko masana kutatentha, umadziwiratu kuti chotsani zoyanika, ndipo bambo akalowa pakhomo ndi nkhope yoteroyo ana amabalalika okha. "Look daggers at someone", kuyang'ana munthu ngati maso ako ndi mipeni, nayonso imalowa msanga. Koma pali ina ya ku Britain yoti "a face like a wet weekend", kunena munthu wa msunamo, imeneyo ndinavutika nayo m'kalasi. Mnyamata wina anaimika dzanja akuti madamu, mvula ikagwa Loweruka ndi Lamulungu nde munthu akhumudwe chifukwa chani, si nde tidzala? Ndinamuuza kuti kwawoko mvula ndi ya tsiku ndi tsiku ndipo ikagwa pa wikendi yawaonongera kokayenda, iye anangopukusa mutu. Ife a kuchigwa mvula timachita kuipempha, makolo athu ankapita nazo mpaka kwa Mbona ku Khulubvi, nde kuti tiione ngati chinthu chokhumudwitsa pamafunika Shire kapena Ruo kapena Mwanza asefukire kaye. Ndinawauza kuti mwambi umenewu audziwe kuti akaumva asadabwe, koma asaulembe, si wathu.

Pena zimachitika kuti Chizungu ndi Chichewa zakumana panjira. Ife timati nkhope yake inagwa, ndipo opita kutchalitchi akukumbuka kuti ndi zomwe zinamuchitikira Kaini nsembe yake itakanidwa. Mngerezi nayenso amati "his face fell". Zofanana ndendende. Koma mwana wathu pofuna kukometsa amawonjezera down, "his face fell down", basi nkhope yachoka pamutu yagwera mufumbi. Chimodzimodzi "a sour face", ife timati nkhope ngati wadya bwemba, kuwawasa ndi komweko.

Msampha wina ndi straight face. Ana amaganiza kuti ndi nkhope yokwiya chifukwa munthu sakuseka, pomwe "keep a straight face" ndi kudzigwira kuti usaseke chinthu chili choseketsa, ngati momwe ndinayesera ine pobweza pepala la ahedi osasukusula lija. Ndipo long face yomwe inatipalamulira pakampu ija si ya mkwiyo, ndi ya kukhumudwa, munthu yemwe amayembekeza kanthu ndiye sikanabwere.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna aphunzitsi anzanga andimve, olo ena atsutsa. Ife takhala tikuphunzitsa zinthu zimenezi ngati kuti mwana akubwera m'kalasi mutu uli mbee wopanda kanthu. Bodza. Mwana wa kuno amabwera ndi nkhokwe yodzadza. Tamufunseni m'Chichewa kuti munthu wosakondwa amaoneka bwanji, muona. Wakwinya nkhope. Watsinya. Walunda. Ali ndi msunamo. Watupa ngati finye. Ali ndwii. Watulutsa mlomo woti n'kukolekapo jekete. Akundiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndipo mwanayo amadziwa bwinobwino kusiyana kwake, sangasokoneze kulunda kwa mkazi yemwe mwamuna wake wabwera usiku ndi kutsinya kwa agogo omwe mbuzi yawadyera mbewu. Amadziwanso magoli a chilankhulo chake, sanganene kuti wapinda mphumi kapena walunda mphuno, angaseke yekha. Ambiri mwa ana anga, makamaka ochokera chakumunsi ku Bangula ndi ku Nsanje, kunyumba amayankhula Chisena, munthu akakwiya amati aipirwa, kusukulu ya pulayimale anakumana ndi Chichewa, kenako Chizungu pamwamba, nde ndi anthu oti anawoloka kale mtsinje umodzi, amadziwa kuti chomwe chimanenedwa mwakuti tsidya lino chimanenedwa mwina tsidya linalo. Chomwe chimafunika ndi kungowakumbutsa kuti Chizungu nachonso ndi tsidya lina, osati kumwamba.

Koma m'masukulu ambiri mwana akagwidwa akuyankhula chilankhulo cha makolo ake amapatsidwa chibalo, akaseseretu, akatunge madzi, ati kuti Chizungu chilowe. Ine ndinakulira momwemo ndipo ndinkachitanso zomwezo nditangoyamba ntchito. Cholinga ndimachimvetsa, pa MSCE ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe olo masamu ndi sayansi utakhoza bwanji, nde aphunzitsi amachita mantha, makolo amachita mantha. Koma zotsatira zake ndi ziti? Mwana amatseka nkhokwe yake ija ndi loko, n'kutsala ndi timawu khumi ta Chizungu tomwe ali nato chikhulupiriro, angry, sad, happy, very. Kenako tikumudandaula kuti nthano zake ndi zouma.

Chichokereni tsiku la pakampu lija ndinasintha kaphunzitsidwe ka mutu umenewu. Ndimabwera m'kalasi ndi bwemba, nthawi ya masau ndimasankha osapsa aja obiriwira, ndimaitana wolimba mtima mmodzi kutsogolo kuti alume anzake akuona. Nkhope ikangokwinyika kalasi yonse imafa ndi phwete, nde ndimafunsa kuti wachita chani ameneyu, ayambe m'Chichewa kapena m'Chisena, amakuwa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, timalemba onse kumanzere kwa bolodi. Kenako ndi pomwe ndimabweretsa a Chizungu, osati liwu limodzi koma goli lathunthu, "he screwed up his face", "he pulled a face", "he grimaced". Ndikatero ndimatulutsa kachidutswa ka nsomba kokulunga m'pepala komwe kagona masiku awiri, ndimadutsa nako pamzere woyamba, mphuno zonse zimakwinyika zokha, wrinkle yalowa ndipo siidzatulukanso. Ndimauza awiri kuti iwe ndiwe mayi, iwe ndiwe mwana wobwera usiku kuchokera ku vidiyo sho, musayankhule, nkhope zokha, ena onse alembe zomwe akuona. Tsiku limenelo ngakhale anyamata akumbuyo aja ogona ndi kutentha kwa Okutobala amadzuka. Mabuku ndi ochepa, dikishonale yabwino ndi imodzi ndipo imakhala mu ofesi, koma nkhope aliyense anabwera nayo yake, yaulere.

Pali chinthu chimodzi chomwe ana amandigwira nacho chaka chilichonse, kutsonya. Madamu, kutsonya pa Chizungu ndi chani? Inu a Mkonzi mukudziwa kulemera kwa kutsonya kwathu kuno, mwana kutsonya pamaso pa wamkulu ndi mlandu woposa kutukwana, mkazi kutsonyera mwamuna wake nkhani imakafika kwa ankhoswe. Chizungu cha m'mabuku athu a sukulu chilibe liwu limodzi la chinthu chimenechi. Alipo mawu oti "suck your teeth" ndi "kiss your teeth", omwe amamveka kwambiri pakati pa anthu akuda a ku Jamaica ndi zilumba zoyandikana nazo, komanso ku London komwe ana awo anakakhazikika, ndipo n'zosadabwitsa chifukwa khalidwelo linachokera kuno ku Africa konkuno. Ndimawapatsa amenewo, koma ndimawauzanso kuti onani, apa Chichewa chili ndi liwu limodzi lakuthwa pomwe Chizungu chikuchita kuzungulira ndi mawu atatu, nde musamaganize kuti chilankhulo chosauka ndi chanu nthawi zonse. Amasangalala ngati timu yawo yagoletsa.

Ndinenenso kuti kudziwa mawuwa sikuti ndi kwa mayeso okha. Achinyamata athu akupita kukafuna ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo, kumalo ogona alendo a ku Majete ndi ku Lengwe, kumabungwe omwe amadzadza kuno madzi akasefukira, ena ali ku Johannesburg m'nyumba za azungu. Bwana akakuuza kuti "don't give me that look" kapena "wipe that scowl off your face" iwe n'kutenga kansalu kukapukuta kumaso, ntchito yatha. Ndipo mbali inayo nayonso ilipo, mwana wathu woleredwa bwino akamadzudzulidwa amayang'ana pansi posonyeza ulemu, mlendo amaona ngati walunda kapena akubisa kanthu, nde mwana ayenera kukhala ndi mawu okwanira oti afotokoze yekha kuti ayi bwana sindinakwiye, kwathu timatero.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi laling'ono. Nyuzipepala yanu ikafika kuno imayenda manja ambiri, imawerengedwa pa golosale, kenako kusukulu, mapeto ake imakakulunga zitumbuwa. Bwanji osatipatsako kakona kakang'ono sabata iliyonse, mizere khumi yokha, koika mawu a Chizungu oyenda awiriawiri ndi anzawo a Chichewa pambali, osati kumasulira liwu ndi liwu ayi, koma kunena kuti pomwe ife timati chakuti iwo amati chakuti. Sabata ino nkhope, sabata yamawa kayendedwe, kenako kasekedwe, chifukwa nakonso kuseka kuli ndi mitundu yake. Owerenga a ku Nsanje ndi ku East Bank atumize a Chisena, a Chimang'anja chenicheni cha agogo athu nawonso abwere, tione kuti nkhokwe yathu ndi yaikulu bwanji. Aphunzitsi tizidula timapepalato n'kumata kukhoma.

Ndisanatseke, pali pepala limodzi lomwe landisowetsa mtendere. Temu yathayi ndinawapatsa a Fomu 4 kuti alembe za tsiku la msika wa thonje, poti ambiri makolo awo ndi alimi a thonje ndipo amadziwa zomwe zimachitika pasikelo, munthu wasamala munda miyezi yonseyo, wapopera mankhwala angongole, watola dzuwa lili pamutu, wanyamula mabelo pangolo usiku, nde wogula akutchula mtengo ndi zodula zake. Ndinawauza kuti ndikufuna ndione nkhope ya mlimiyo papepala, liwu loti angry ndisalione. Ambiri anachita bwino ndithu, ma frown ndi ma scowl anali mbwee, wina mpaka "a face like thunder" anaiika pamalo pake. Koma mtsikana wina wachete wa kumbuyo, yemwe bambo ake ndimawadziwa amabwera kumisonkhano ya makolo atavala malaya omwewomwewo, analemba chonchi: "When the man said the price, my father's face fell, and nobody picked it up."

Goli loyamba ndi lolondola, face fell, ndinamuphunzitsa ndine. Lachiwirilo mulibe m'buku lililonse, Mngerezi satola nkhope ikagwa, ndipo wochonga wina wotopa atha kudula mzere wofiira n'kulemba kuti direct translation olo m'Chichewa momwe sitinena choncho. Ndinatenga bolopeni yofiira, ndinaibweza. Ndinamufunsa mnzanga yemwe timaphunzitsa limodzi, iye akuti dula, ukamulekerera akazilemba pa MANEB. Mapepala ena onse ndinabweza kalekale, limeneli lidakali m'chikwama changa muno lopanda malikisi, mwini wake wandifunsa kawiri ndamuuza kuti ndikuliyang'anabe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Chingerezi,
Ngabu, Chikwawa